Bwanji Wikipedia osamadikira kaye tsiku limodzi isanalembe zongochitika kumene?

Nabanda78

Moni nonse. Funso langa likupita kwa inu amene mumakonza nkhani pa Wikipedia, poti ndaona kuti muno mulimo angapo. Ine ndine wongowerenga, sindinalembepo ngakhale kachiganizo pamenepo.

Chimene chimandidabwitsa ndi changu chake. Pa 8 Seputembala 2022, atangolengeza kuti Mfumukazi Elizabeth II ya ku Britain yamwalira, sipanathe mphindi ziwiri tsamba lake la Chingelezi linali litasinthidwa kale. Tsiku la imfa linalowa, ndipo ena anayamba kuyenda chiganizo ndi chiganizo kusintha mawu onena za munthu wamoyo kuti azinena za malemu. Pamenepo zinayenda bwino chifukwa uthengawo unali woona. Koma changu chomwechi n'chimene chinalengeza maliro a anthu amoyo pa 20 Januwale 2009, tsiku limene Barack Obama ankalumbira. Ted Kennedy, phungu wa nyumba ya malamulo ya ku America, anadwala mwadzidzidzi pa chakudya chamasana cha mwambowo n'kutengeredwa kuchipatala, ndipo phungu mnzake Robert Byrd, yemwe anali wokalamba zedi, naye anatuluka m'chipindamo. Posakhalitsa pa Wikipedia panaoneka kuti onse awiri atisiya. Chonsecho Kennedy anakhala ndi moyo mpaka mu Ogasiti chaka chomwecho, Byrd mpaka mu Juni 2010.

Ndikudziwa kuti mundiyankha kuti bodzalo linachotsedwa pa mphindi zochepa. Ndamva. Koma pa mphindi zochepazo alipo anthu amene anatsegula tsambalo, n'kuwerenga, n'kutseka, ndipo sanabwererenso kudzaona ngati zasintha. Ena mwa iwo anaimbira anzawo foni.

Ine ndimaona kuti insaikulopediya si wailesi. Wofuna za lero apite ku wailesi kapena ku nyuzipepala. Insaikulopediya ya Britannica inayamba kusindikizidwa mu 1768 mpaka analengeza zosiya mabuku a pepala mu 2012, ndipo nthawi yonseyo sinkapikisana ndi atolankhani, inkadikira fumbi likhazikike. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika. Ndiye bwanji osaika malamulo awiri okha: choyamba, nkhani yongochitika kumene isalembedwe mpaka patapita maola 24; chachiwiri, chilichonse chimene munthu walemba chisaoneke kwa owerenga mpaka wina wodziwa atachiunika. Mungataye chiyani? Ndifotokozereni, mwina pali chimene sindikuchiona.

Mbewe_Mtolankhani

A Nabanda, mwafunsa bwino. Ine ndagwira utolankhani nthawi yaitali, ndiye ndiyankha monga munthu wa mbali inayo, mbali imene imakopera.

Bodza la mphindi zisanu pa Wikipedia palokha silipha munthu. Limaopsa likapeza potulukira, ndipo potulukira pake nthawi zambiri ndi ife. Munthu wotchuka akamwalira madzulo, mkonzi amafuna mbiri yake nyuzipepala isanapite kosindikiza. Mtolankhani amene wapatsidwa ntchitoyo mwina dzina la malemuyo walimva lero lomwe. Achibale sakuyankha foni. Ndiye amatsegula Wikipedia, pa ola lenileni limene tsambalo lili m'manja mwa anthu ochuluka, abwino ndi oipa omwe.

Kumapeto kwa Malichi 2009 kunamwalira Maurice Jarre, Mfalansa wopeka nyimbo za m'mafilimu. Mnyamata wina wa pa yunivesite ku Dublin, Shane Fitzgerald, anapeka mawu okoma n'kuwaika pa tsamba la Jarre ngati kuti malemuyo anawayankhula ali moyo. Ankafuna aone ngati atolankhani angawatole. Akonzi a Wikipedia anawachotsa chifukwa analibe umboni, iye n'kuwabwezera, iwo n'kuchotsanso. Koma pa maola amene mawuwo anakhalapo anali atalowa kale mu The Guardian ndi m'zofalitsa nkhani zina. Pa Wikipedia bodzalo linafa msanga. M'nyuzipepala linakhala phee mpaka mwini wake ataulula yekha patatha pafupifupi mwezi.

Ya ku Germany ndiye imandiseketsa ndi kundichititsa manyazi nthawi imodzi. Mu Febuluwale 2009, Karl-Theodor zu Guttenberg anasankhidwa kukhala nduna ya zachuma. Bamboyu ali ndi mayina ambirimbiri, oti kuwatchula onse mpweya umatha. Wina anangosomekapo lina, Wilhelm, pakati pa mndandandawo. Ofalitsa nkhani a kumeneko, Bild ndi Spiegel Online, anakopera mndandanda wonse pa Wikipedia, Wilhelm ali momwemo. Mkonzi wina wa Wikipedia atakayikira n'kulichotsa, dzinalo linabwezedwa, ndipo umboni wake unali nkhani ya mu Spiegel ija. Mwaona mmene zinazungulirira? Bodza linatuluka lopanda umboni, linabwerera litanyamula umboni.

Choncho lamulo lanu la maola 24 ndikanalikonda, chifukwa likanateteza anthu a ntchito yanga ku ulesi wawo womwe. Kungoti sindikudziwa ngati n'chilungamo kumanga Wikipedia miyendo chifukwa choti atolankhani sakufuna kuimba foni yachiwiri.

Kadzidzi

Mayi Nabanda, ine ndi mmodzi wa amene mukuwafunsawo. Ndimakonza pa Wikipedia ya Chingelezi, makamaka usiku, ndipo ntchito yanga yambiri si kulemba nkhani zatsopano koma kuyang'ana zimene ena asintha. Ndikuuzani mmene ndimazionera, ngakhale sizikukomerani.

Njira mukuiperekayo inayesedwa kale, ndi anthu omwewo amene anayambitsa Wikipedia. Mu Malichi 2000 Jimmy Wales anayambitsa Nupedia, Larry Sanger ndiye anali mkonzi wamkulu. Olemba ankayenera kukhala akatswiri, ndipo nkhani iliyonse inkadutsa magawo 7 a kuunika isanaoneke. Chaka choyamba chinatha nkhani zovomerezedwa zili pafupifupi 20. Pamene ankaitseka mu 2003 zinali zisanafike 30. Wikipedia inatsegulidwa pa 15 Januwale 2001 ngati kamunda ka pambali kothandizira Nupedia, ndipo chaka chake choyamba inakolola nkhani pafupifupi 20,000. Sanger anayesanso mu 2007 ndi Citizendium, insaikulopediya ina ya pa intaneti, ya mayina enieni ndi akatswiri oyang'anira, koma nkhani zimene akatswiriwo anazivomereza sizinafike ngakhale 200. Ndiye mukafunsa kuti tingataye chiyani, yankho loyamba ndi lakuti tingataye insaikulopediya yeniyeniyo. Nkhani imene sinalembedwe ilibe cholakwika, koma palibenso amene imamuthandiza.

Koma si pamene pali mtima wanga. Chimene ndikufuna muone n'chakuti changu ndi bodza siziyendera limodzi mmene anthu amaganizira.

Pali tsamba lina limene owerenga ambiri salitsegula, losonyeza zosintha zaposachedwa. Mndandanda wake umathamanga osaima. Mzere uliwonse uli ndi dzina la nkhani, amene wasintha, ndi kanambala: kobiriwira ngati wawonjezera, kofiira ngati wachotsa. Ukaona kofiira kakakulu pa nkhani ya munthu wodziwika, wosintha wake alibe akaunti ndipo sanafotokoze chifukwa, umadina. Pamatuluka mizati iwiri, kumanzere mmene zinalili, kumanja mmene zilili tsopano, mawu osinthidwa atapakidwa utoto. Nthawi zambiri ukamafika umapeza wina wabweza kale, kapena ndi ClueBot NG, pulogalamu imene yakhala ikugwira ntchitoyi kuyambira 2010 ndipo imabweza zachipongwe pa masekondi. Mwana wasukulu wafufuta nkhani yonse n'kulemba dzina la mnzake, wina watukwana mtsogoleri wa dziko lake, wina walengeza imfa ya woimba: zoterezi sizigona. Tsamba la Kennedy tsiku limene mwatchulalo linali ndi maso ochuluka zedi, n'chifukwa chake bodzalo silinakhalitse.

Tsopano ndikuuzeni mabodza amene anakhalitsa, muone ngati pali limodzi lobwera chifukwa cha phuma.

Mu 2005 wina analemba kankhani ka mizere yochepa konena za Jar'Edo Wens, akuti mulungu wa anthu a mtundu wa Aborigine ku Australia. Mulungu woteroyo kulibe. Kankhaniko kanakhala pafupifupi zaka 10, mpaka mu 2015. Mu 2007 wina analemba nkhani yaitali ya nkhondo ya ku Bicholim, akuti pakati pa Apwitikizi a ku Goa ndi a Maratha m'ma 1640. Inalembedwa mwaluso, ya mitu yake ndi mabuku a umboni pansi, moti inaunikidwa n'kupatsidwa chizindikiro cha nkhani yabwino. Mvetsetsani pamenepo, inaunikidwa. Nkhondoyo sinachitikepo, ndipo mabuku amene nkhaniyo inatsamirapo anali opeka. Inachotsedwa mu Disembala 2012 munthu wina atakhala pansi n'kuyamba kufufuza mabukuwo limodzilimodzi. Alan MacMasters, amene ankati ndiye anatulukira kachipangizo kamagetsi kowotchera buledi ku Scotland, anakhala pa Wikipedia kuyambira 2012 mpaka 2022, ndipo panthawiyi anali atafika m'manyuzipepala ndi m'mabuku. Anamugwira ndi mwana wa zaka 15 amene anaona kuti chithunzi chake chikukayikitsa. Pa Wikipedia ya Chitchaina, munthu mmodzi wodzitcha Zhemao analemba nkhani zoposa 200 za mbiri yakale ya Russia, zosakaniza zoona ndi zopeka, kuphatikizapo mgodi wa siliva wa ku Kashin umene sunakhalepo. Zinaululika mu 2022.

Onsewa sanathamange. Analemba modekha, pa nkhani zakale zimene palibe ankazifuna mwachangu. Mukanawauza kuti adikire maola 24 akanadikira mosangalala. Chimene masamba amenewa ankasowa si nthawi, nthawi anali nayo yochuluka. Ankasowa munthu wachiwiri wodziwa nkhaniyo woti adutsepo.

Ine zimene zimandisowetsa tulo si wotukwana. Ndi uja amene amalowa mwakachetechete pa nkhani ya mlatho wina, n'kusintha 1947 kukhala 1974, kanambala kake n'kuonetsa ziro chifukwa sanawonjezere kapena kuchotsa chilembo. Pulogalamu siiona cholakwika. Ine ndikaiona sindidziwa ngati akukonza kapena akuwononga, pokhapokha nditatsegula umboni wake n'kuwerenga, ndipo ngati umboniwo ndi buku la pepala limene ndilibe, ndimangoyang'ana.

Za lamulo lanu lachiwiri, loti zisaoneke mpaka wina ataunika: Wikipedia ya Chijeremani ili nalo kuyambira mu Meyi 2008. Zimene walemba munthu watsopano kapena wopanda akaunti sizioneka kwa owerenga wamba mpaka mkonzi wodalirika atadina kuti waziona. Ndiye onani deti la nkhani imene a Mbewe afotokoza. Wilhelm analowa mu Febuluwale 2009, geti lili kale pamalo pake. Woyang'anira geti amaona ngati pali chipongwe choonekeratu. Sangadziwe mayina onse a nduna.

Nabanda78

A Kadzidzi, zikomo, za Nupedia sindinkazidziwa, ndipo za mabodza ogona zaka ndazimva. Koma mwadumpha munthu mmodzi. John Seigenthaler anali mtolankhani wa ku America, anagwirapo ntchito ndi Robert Kennedy, mchimwene wake wa Pulezidenti John Kennedy, ndipo ananyamula nawo bokosi pa maliro ake. Mu Meyi 2005 munthu wopanda dzina analemba pa Wikipedia kuti ankaganiziridwa kuti anakhudzidwa ndi kuphedwa kwa John ndi Robert Kennedy. Zinakhalapo miyezi inayi, ndipo masamba ena okopera Wikipedia anazifalitsa. Mulungu wopeka wa ku Australia sanapweteke aliyense. Uyu anali munthu wamoyo, wa ana ndi adzukulu.

Inu munena kuti apanso vuto linali kusowa kwa maso. Chabwino. Koma amene analemba zimenezi anatha kutero chifukwa khomo linali pululu: walemba, wadina, dziko lonse likuwerenga. Ngati maso ndi ochepa, nzeru si kuchepetsa zolowa kuti zifanane ndi maso amene alipo? Mukulandira katundu wochuluka kuposa amene mungamuyang'ane, kenako mukudandaula kuti oyang'ana akuchepa.

Namwino_T

Ndilowererepo pang'ono, poti mbali imene ine ndimawerenga kwambiri ndi ya zaumoyo, ndipo kumeneko zimene a Nabanda akufuna zilipo kale, kungoti sizili pa wotchi.

Pa nkhani za matenda ndi mankhwala, Wikipedia ya Chingelezi ili ndi malangizo akeake okhwima. Nyuzipepala si umboni wokwanira. Kafukufuku mmodzi watsopano, ngakhale atatuluka m'magazini yotchuka, sakwanira. Amafuna zolemba zimene zaunika kafukufuku wambiri pamodzi, kapena malangizo a mabungwe monga WHO. Zolemba zoterezi zimatenga miyezi kapena zaka kuti zituluke, ndiye tsambalo limachedwa mwadala. Palibe amene anakhazikitsa maola, anangokweza mlingo wa umboni, kuchedwako kunabwera kokha.

Chaka cha 2020 chinaonetsa chifukwa chake. Mu Malichi, kafukufuku wamng'ono wa gulu la Didier Raoult ku Marseille anachititsa dziko lonse kuthamangira hydroxychloroquine ngati mankhwala a Covid-19. Mu Meyi magazini ya zachipatala ya The Lancet inatulutsa kafukufuku wina wonena kuti mankhwalawo ndi oopsa kwa odwalawo, ndipo patangotha milungu iwiri inamubweza chifukwa manambala ake sanathe kutsimikizika. Mu Juni kafukufuku wamkulu wa RECOVERY ku Britain anapeza kuti sathandiza odwala ogonekedwa m'chipatala. Tsamba lothamangira nkhani iliyonse likanatembenuka katatu pa miyezi itatu, ndipo wodwala wowerenga tsiku lolakwika akanatola zolakwika.

Koma kudekha kuli ndi mtengo wake, ndisaname. RECOVERY yomweyo, mwezi womwewo, inalengeza kuti dexamethasone, mankhwala akale otchipa, amachepetsa imfa pakati pa odwala kwambiri. Umenewo unali uthenga woona ndi wopulumutsa, ndipo lamulo lodikira silisankha, limachedwetsa wabwino ndi woipa mofanana. Pa zamankhwala ine ndimavomera mtengo umenewo, chifukwa dokotala sadikira Wikipedia kuti asinthe chithandizo, pamene munthu wamba angathe kugula mapiritsi chifukwa cha chiganizo chimodzi. Pa zigoli za mpira sindingauvomere. N'chifukwa chake lamulo limodzi la masamba onse silikundikhutiritsa, mayi.

Kadzidzi

Mayi Nabanda, pa Seigenthaler mwalasa. Ndipo Wikipedia yomwe inavomereza, chifukwa bamboyo atalemba dandaulo lake mu USA Today kumapeto kwa Novembala 2005, zinthu zinasintha mwezi wotsatira. Kuyambira mu Disembala 2005 munthu wopanda akaunti sangayambitse nkhani yatsopano pa Wikipedia ya Chingelezi. Kenako panabwera lamulo la nkhani za anthu amoyo: chilichonse chokayikitsa chonena za munthu wamoyo, ngati chilibe umboni wodalirika, chimachotsedwa nthawi yomweyo osadikira zokambirana. Taonani kuti mankhwala ake anali changu chomwecho, kungoti changu chochotsa.

Khomo silili pululu monga linalili nthawi imeneyo. Masamba amene akuvutitsidwa amatsekedwa, ndipo maloko ake ndi osiyanasiyana. Loko wamng'ono amalola okhawo amene akaunti yawo yatha masiku 4 ndipo akonzapo ka 10. Wokulirapo amafuna masiku 30 ndi kukonza ka 500. Womaliza ndi wa ma admin okha, akonzi opatsidwa mphamvu zoyang'anira. Munthu wotchuka akamveka kuti wamwalira, kawirikawiri loko amagwa msanga, ndipo mkangano umasamukira ku tsamba lokambirana, kumene funso limakhala limodzi: walengeza ndani? Ngati ndi mphekesera za pa Facebook kapena pa X, dikirani. Ngati ndi nyumba zoulutsa nkhani zodalirika zingapo, lembani. Pa 25 Juni 2009, TMZ, webusayiti ya nkhani za anthu otchuka, itayamba kunena za imfa ya Michael Jackson, akonzi anakangana kwambiri ngati imeneyo ndi yokwanira, tsambalo linatsekedwa, ndipo anadikira ena atsimikize. TMZ inali itanena zoona. Wikipedia inachedwa pa nkhani yoona, ndipo ine ndimati inachita bwino, chifukwa pa ola limenelo panalibe njira yodziwira. Njira ya Chijeremani ija nayo ilipo ku Chingelezi, inayesedwa mu 2010 n'kukhazikitsidwa mu 2012, koma pa masamba ochepa osankhidwa, osati onse.

Pali nthawi inanso imene anakhala chete dala kwa miyezi. David Rohde wa The New York Times atagwidwa ndi a Taliban mu Novembala 2008, nyuzipepala yake inapempha kuti nkhaniyo isafalitsidwe poopa kuika moyo wake pachiswe. Wales ndi ma admin angapo ankachotsa nkhaniyo pa tsamba lake mpaka Rohde atathawa mu Juni 2009. Ena mpaka lero amati kumeneko kunali kubisa nkhani. Ine ndikanakhala admin ndikanachotsa nawo.

Nanga bwanji osatseka zonse, muchepetse zolowa monga mukunenera? Chifukwa maso amene tikuwasowawo amalowera pa khomo lomwelo. Pafupifupi mkonzi aliyense amene ndimamudziwa anayamba ndi kanthu kakang'ono: anaona dzina lolembedwa molakwika, anadina, anakonza, n'kuona kuti zasinthadi pompo. Kukoma kwa kamphindi kameneko n'kumene kumabweza munthu mawa lake. Mukamuuza kuti kukonza kwake kuli pa mzere, adzaone sabata yamawa, ambiri sabweranso. Ndiye mukatseka khomo kuti katundu achepe, oyang'ana katundu a zaka zikubwerazi mwawatsekeranso panja.

Geti limalakwitsanso, ndipo kulakwitsa kwake sikuoneka. Nkhani zatsopano zolembedwa ndi anthu atsopano zimadutsa kounikidwa, kumene mzere wake umatalika mpaka milungu kapena miyezi. Mu 2018 wina analemba za Donna Strickland, katswiri wa fizikisi wa ku yunivesite ya Waterloo ku Canada. Mu Meyi wounika anaikana, akuti umboni woti mayiyu ndi wodziwika ndi wosakwanira. Mu Okutobala mayiyu analandira mphoto ya Nobel, mkazi wachitatu m'mbiri yonse kuilandira pa fizikisi, ndipo tsiku limenelo anthu omufufuza anapeza kuti alibe tsamba mpaka wina atalilemba mothamanga. Bodza likalowa timaliwerenga n'kulilemba pa mndandanda wa manyazi. Choona chikakanidwa pa geti palibe amachiwerenga, kupatula ngati mwini wake wapata Nobel.

Pa kulondola, anthu amakonda kutchula kafukufuku wa magazini ya Nature wa mu Disembala 2005. Akatswiri anaunika nkhani 42 za sayansi n'kupeza zolakwika 162 mu Wikipedia ndi 123 mu Britannica, zikuluzikulu zinali zinayi mbali iliyonse. Britannica inatsutsa mwamphamvu mmene kafukufukuyo anachitikira, Nature inakana kubweza. Ine sindimutsamira kwambiri, ndi wakale ndipo anaona sayansi yokha, kumene akonzi odziwa ndi ambiri. Koma amaonetsa kanthu kamodzi: buku lodekha, lolembedwa ndi akatswiri olipidwa, linali ndi zolakwika pafupifupi zitatu pa nkhani iliyonse, ndipo za m'mabuku ake a pepala zinkadikira kusindikiza kwina kuti zikonzedwe.

Pamene ndikugwirizana nanu kwathunthu ndi pa ma Wikipedia a zinenero za akonzi ochepa. Kumeneko mawu anu akuti katundu wachuluka kuposa oyang'ana ndi oona ndendende. Mu Ogasiti 2020 zinadziwika kuti nkhani zoposa 20,000 za Wikipedia ya Chiskoti (chinenero cha ku Scotland), gawo lalikulu la zonse zimene zinalipo, zinalembedwa ndi mnyamata wa ku America amene sankayankhula chinenerocho. Anayamba ali ndi zaka 12, ndipo sankafuna kuwononga, ankaganiza kuti akuthandiza. Ankatenga ziganizo za Chingelezi n'kumasintha mawu apa ndi apo. Zinatenga zaka 7 chifukwa eni chinenero amene ankadutsapo ankangoipidwa n'kuchoka. Ya Chisebuano, chinenero cha ku Philippines, ili ndi nkhani mamiliyoni, yachiwiri kukula pa zonse, koma zambiri zinalembedwa ndi Lsjbot, pulogalamu ya Sverker Johansson wa ku Sweden. Pamalo otere munthu mmodzi wachangu, kapena makina omasulira, angadzaze nkhokwe yonse popanda womufunsa. Kumeneko ndingavomere malire a kuchuluka kwa nkhani zimene munthu angayambitse pa tsiku. Koma maola 24 anu sakanamugwira mnyamata uja, chifukwa sankalemba za dzulo.

Mbewe_Mtolankhani

A Kadzidzi, funso laling'ono lothandiza ife okopera. Ndikatsegula tsamba usiku, nthawi itanditsala pang'ono, ndingadziwe bwanji kuti chiganizo ndikuchifunachi chakhalitsa kapena changolowa kumene?

Kadzidzi

Pamwamba pa nkhaniyo pali polembedwa kuti View history, achimwene. Dinani pamenepo, mupeza zosintha zonse ndi madeti ake, zatsopano zili pamwamba. Tsikani mpaka pa deti la munthuyo asanamwalire, ngakhale mwezi umodzi m'mbuyo, mutsegule tsambalo mmene linalili tsiku limenelo. Ngati mawu mukuwafunawo mulibe, ndiye kuti alowa ndi chipwirikiti cha lero, asiyeni. Mawu a Jarre aja akanagwidwa pamenepo. Ngati alimo, dinani kanambala ka kumapeto kwa chiganizo muone umboni wake, ndipo muyang'ane deti la umboniwo. Ukakhala kuti unasindikizidwa chiganizocho chili kale pa Wikipedia, mwina ndi mnzanu wa nyuzipepala ina amene anakopera inu musanafike, ndiye imbani foni ija.